Nsonga zinayi tsiku limodzi

Lachisanu usiku, patsinde pa phiri

Ana agona. Mayi awo akulongedzanso zikwama kachitatu, ine ndakhala pakhonde ndi mapu pamiyendo. Phirilo silikuoneka, koma likudziwika kuti lilipo, chifukwa mbali yonse ya kum'mawa kwangoti bii, nyenyezi zikuyambira m'mwamba kwambiri moti kuti uzione uchite kupinda khosi.

Tafika mochedwa. Msewu wa tala unathera pa kamlatho kena, ndipo makilomita 14 otsalawo atitengera mphindi 50. Mvula inakumba ngalande pakati penipeni pa msewu, ndiye galimoto umayendetsa matayala awiri uku, awiri uko, mtima uli m'mwamba. Mzime wathu, wa zaka 9, wasanza kawiri. Pamphambano ina tinasokonezeka, ndipo mayi wina amene tinamufunsa anabwerera nafe kamtunda ndithu kudzatilozera njira, n'kukana kuti timuperekeze pagalimoto. Anati tichedwa, kukuda.

Mawa tikufuna kuponda nsonga zinayi zimene zili pamsana umodzi wa phiri, wopindika ngati chikwakwa. Tikwerera mbali ino, tikatsikira mbali inayo, n'kudzatulukira pageti pomwe tayambira. Ndi makilomita 19, ndipo zokwera zonse ukaziphatikiza zikukwana mamita 1,300.

Nthawi ndaiwerengera ndi kawerengedwe kakale ka anthu oyenda m'mapiri, kamene anayambitsa William Naismith wa ku Scotland mu 1892. Umaika ola limodzi pa makilomita 5 alionse, n'kuwonjezera ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Kwa ife zikutuluka maola 6. Koma Naismith ankanena za munthu wamkulu wamphamvu amene sakupuma panjira, ndiye ndawonjezerapo maola atatu chifukwa cha ana. Tikanyamuka 6 koloko, pofika 3 koloko masana tikhala titatsika. Dzuwa likulowa cha m'ma 6. Nthawi ilipo yambiri.

Amene ndikumudera nkhawa ndi mzimeyu. Ndachonga kale pamapu malo atatu pamene ndingadzamunyamule paphewa akalephera. Wapakati, mnyamata wa zaka 13, alibe vuto, pamiyala amadumpha ngati mbuzi. Wachisamba, mtsikana wa zaka 16, sanafune kubwera. Sanakane poyera, anangoti "chabwino" n'kutseka chitseko cha kuchipinda kwake. Chaka chino mawu amene ine ndi iyeyo tayankhulana ndi owerengeka, ndipo ndisabise, ulendo uno ndaukonza ndili naye mumtima.

Aliyense wanyamula madzi malita awiri. A mzime ndi ena apadera ali kwa ine. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo pamodzi ndi majekete, kamba ndi chingwe, chikwama changa chafika makilogalamu 14. Mayi a ana akuti chalemetsa, tigawane. Ndakana.

Loweruka, 6:35 m'mawa, pageti

Geti n'lotseka. Tinafika kusanache, mpaka pano mlonda sanabwere. Kukuzizira, ana akupondaponda pansi manja ali m'khwapa. Ine ndikungoyang'ana wotchi, mphindi zanga zikutha tisanaponde n'komwe phiri.

Tapezapo bambo wina wachikulire, wa imvi mbuu, ali yekha ndi kachikwama kakang'ono ndi ndodo ziwiri. Tapatsana moni, afunsa kumene tikupita. Nditawauza za nsonga zinayi, ayang'ana ana mmodzimmodzi, kenako ayang'ana chikwama changa nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira anawo.

"Kutsika mwakuwerengera?" afunsa.

Ndawayankha kuti kutsika sikuvuta, chovuta n'kukwera. Sananditsutse. Angogwedeza mutu, n'kunena kuti iwonso akulowera komweko, mwina tionana kutsogolo.

Mlonda wafika akuthamanga, wapepesa, akuti mwana wake sanagone usiku wonse ndi kutentha thupi. Mkwiyo umene ndinausunga wathera pomwepo. Watilembetsa m'buku: tilipo angati, tidzera njira iti, tituluka nthawi yanji. Ndalemba 3:30.

9:20, nsonga yoyamba

Mamita 800 m'maola awiri ndi theka. Ana achita bwino kuposa mmene ndinkaganizira.

Ola loyamba tinali m'nkhalango, mame akutinyowetsa mpaka m'maondo, mizu ya mitengo ikukhala ngati masitepe. Titatuluka m'mitengo phiri linayamba kutinamiza. Umaona chitunda kutsogolo, pamwamba pake pali thambo lokhalokha, umati basi tafika. Ukafika pamenepo, china chatulukira kuseri. Zinachitika katatu. Kachitatuko mzime anakhala pansi n'kundiyang'ana ndi maso odzaza misozi: "Adadi, mwanena kuti ndi pompano." Zoona ndinanena. Ndinasowa chomuyankha.

Amene anamudzutsa ndi mchemwali wake. Anabwera kudzatenga mapu m'manja mwanga osanena kanthu, n'kugwada pafupi ndi mwanayo. Anamusonyeza timizere tokhotakhota tija, kuti kuchoka pa kamzere kena kufika pa kena ndi mamita 20, ndipo pamene tathithikana ndiye potsetsereka kwambiri, pamene tatalikirana ndiye posalala. "Werenga wekha, tatsala ndi tingati?" Mwana anawerenga ndi chala. Tisanu ndi kamodzi. Ananyamuka, ndipo njira yonse yotsalayo ankafunsa ngati tadutsa kamzere kena. Sindinkadziwa kuti mtsikanayu amatha kuwerenga mapu chotere. Akuti anaphunzira kusukulu chaka chatha. Chaka chatha chonse ndinali naye m'nyumba imodzi.

Pamwamba pano mphepo ikuwomba mosalekeza. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, choncho pano patsika ndi madigiri asanu kuyerekeza ndi pageti, koma chimene chikulowa m'mafupa ndi malaya onyowa ndi thukuta. Nsalu ya thonje ikanyowa siuma msanga, imangokumata kumsana n'kumakuba kutentha. Mayi a ana atisinthitsa malaya tonse tisanakhale pansi, ngakhale ine. Anachita bwino kulongedza kachitatu kuja.

10:50, nsonga yachiwiri

Iyi inali pafupi, ndipo msana wa phiri ndi wotakata, udzu waufupi, kuyenda kokoma. Akhwangwala awiri atitsatira kuchokera pansonga yoyamba.

Wapakati wayamba kuponda ndi zala. Tamuvula nsapato, sokosi inakwinyika kuchidendene ndipo patuluka thuza lalikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, lodzaza madzi, lisanaphulike. Mayi ake apukuta, aumitsa, adula pulasitala n'kuboola pakati kuti azungulire thuzalo osalipsinja, kenako amata wina pamwamba. Mnyamatayo akuti linayamba kumuwotcha tili m'nkhalango, koma anaopa kunena kuti tingabwerere chifukwa cha iye. Ndamudzudzula. Ndamuuza kuti kuphiri chowawa umanena chikangoyamba, chisanakule.

12:30, pampata wa pakati pa yachiwiri ndi yachitatu

Tatsika mamita 250 pamiyala yogumukagumuka. Pano pali kasupe wamng'ono wotuluka pansi pa thanthwe, madzi ozizira mpaka mano kuwawa. Tadzaza mabotolo, tathiramo mankhwala oyeretsera madzi, tikudikira theka la ola kuti agwire ntchito. Tamasula kamba. Ana akudya mwachinunu, miyendo atatambasula padzuwa.

Pano ndi pamene pali njira yothawira. Ikutsikira kumanzere m'chigwa, yosatsetsereka kwambiri, ndipo maola awiri okha munthu wafika pageti. Kupitirira pano kulibenso ina mpaka kuseri kwa nsonga yachinayi.

Ndilembe zoona. Potsika paja bondo lakumanja linayamba kundilasa, kunsi kwa kafupa kozungulira kaja, nthawi iliyonse imene ndaponda mwala wotsika. Pamalo osalala silikumveka. Mayi a ana anandiona ndikutsika cham'mbali, ndipo pano andifunsa motsitsa mawu kuti ana asamve.

"Mwendowo uli bwanji?"

"Uli bwinobwino."

"Mukunena zoona?"

"Eya."

Sipanathe maola awiri chidzudzulireni mwana pa chinthu chomwechi. Koma wachisamba wakhala pafupi nane, mapu ali pamiyendo pake, akundisonyeza mmene njira ikukhotera kunsonga yachitatu, ndipo akuyankhula nane ziganizo zathunthu. Sindikufuna tsikuli lithere pano.

Tikupitirira.

Loweruka usiku, 10 koloko, titafika

Zotsalazi ndikulemba nditagona chagada, mwendo uli pamtsamiro. Kuchokera pampata paja sindinatulutsenso kabuku.

Kukwera nsonga yachitatu bondo silinavute, mpaka ndinayamba kudziuza kuti latha lokha. Chimene chinabwera ndi nkhungu. Inakwera kuchokera kuchigwa cha kumanja mofulumira ngati utsi, ndipo m'mphindi zochepa munthu woima mamita khumi kutsogolo ankangooneka chithunzithunzi. Pamwamba pamenepo palibe njira yopondeka, ndi thanthwe lokhalokha. Umatsata timilu ta miyala timene anthu anaunjika, ukafika pa kena umaima n'kufufuza kena. Tinagwirizana kuti palibe wochoka pa mulu mpaka wotsatira waoneka.

Kenako kunang'anima, kuwala kofooka mkati mwa nkhungumo. Ndinayamba kuwerenga mumtima. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye ukawerenga kuchokera pa kung'anima kufika pa kugunda, n'kugawa ndi 3, umadziwa kutalika kwake. Ndinafika 21. Makilomita 7. Si patali kwa anthu amene aima pamsana wa phiri popanda chobisalamo, ndipo pamalo pamenepo chinthu chachitali kuposa zonse tinali ife. Thupi lonse linachita tsemwe. Ndinayang'ana mzime atavala jekete lomufika m'maondo, ndipo ndinadziwa kuti ndikanayankha zoona pakasupe paja, bwenzi tili m'chigwa. Kung'anima kwachiwiri ndinawerenga 30, kwachitatu sitinamve kugunda. Mvulayo inkapita kwina. Koma mantha anali atandilowa kale, ndipo ndi manthawo amene anandichititsa kufulumiza banja langa kutsika pansonga yachitatu osayang'ana kampasi.

Tinatsika mwina mphindi 15. Timilu ta miyala tinasowa, ine n'kumati tikapeza kutsogolo. Foni inali itatsala pang'ono kuzima, chifukwa kuzizira ndi kufufuza netiweki kosalekeza kumadya batire. Ndiye wachisamba anaima.

"Adadi, tasochera."

Ndinamuuza kuti ayi, tiyeni.

"Adadi, chichokereni pakasupe mphepo yakhala ikundiwomba tsaya lakumanja. Pano ikundiwomba kunkhongo. Takhota."

Ndinangoti kakasi. Anatulutsa kampasi m'thumba la chikwama changa, anaika pamapu, anatembenuza mapuwo mpaka kumpoto kwake kunagwirizana ndi singano. Tinkatsikira kamsana kena kolowera kumanzere, ndipo pamapu, mamita 300 okha kutsogolo kwathu, timizere tija tinathithikana mpaka kukhala ngati mzere umodzi wokhuthala. Phompho. Tinabwerera m'mapazi athu, kukweranso zimene tinatsika, mpaka tinapeza mulu wa miyala womaliza uja. Mapu sanabwererenso m'manja mwanga. Sindinawapemphe, iyenso sanandipatse.

Nsonga yachinayi tinaiponda 4:05. Nkhungu inali itang'ambika, dzuwa litapendeka, ndipo tinaona msana wonse umene tinayenda, nsonga zitatu zitandandalika kumbuyo kwathu. Mzime anaziwerenga mofuula. Tinakhalapo mphindi zisanu zokha.

Kuchokera pamenepo kufika pageti ndi kutsika mamita pafupifupi 900. Mamita 100 oyambirira ndinaluma mano. Kenako panali sitepe ina yamwala, yofika m'bondo kutalika kwake, ndipo nditaponda ndi mwendo wakumanja unangopindika wokha ngati si wanga. Ndinagwa chokhala, chikwama chinandikokera cham'mbali, chigongono chinasupuka. Nditayesa kuimirira ntchafu zonse ziwiri zinkanjenjemera mosaletseka, ana anga atatu akundiyang'ana.

Palibe anayankhula. Wachisamba anavula chikwama chake n'kupatsa mlongo wake, wapakati uja, kuti achikolekere kutsogolo. Anabwera kumbuyo kwanga, anamasula lamba wa chikwama changa, anachinyamula. Makilogalamu aja anali atachepa chifukwa madzi tinamwa, komabe nditaona mmene malamba anamulowera m'mapewa ndinati achisiye. Anati, "Adadi, imirirani tizipita." Mawu ake anali ofatsa, ngati mmene ine ndinkamuyankhulira ali wamng'ono akagwa.

Bambo achikulire a pageti aja tinawapeza pa kamtsinje, patsinde pa chitunda choyamba, atakhala pamwala akutsuka kumaso. Anatipitirira nthawi imene tinasochera ija. Atandiona ndikutsimphina nditatsamira phewa la mayi a ana, sanakumbutse zimene anafunsa m'mawa. Anandikhazika pansi, anatulutsa bandeji m'kachikwama kawo, anamanga bondolo mopingasa, kunsi ndi kumtunda, n'kulowetsa chala kuti aone ngati sanathinitse. Anandipatsa ndodo yawo imodzi. Anati ndiigwire dzanja lakumanzere, mbali ya mwendo wabwino, ndipo potsika sitepe ndiyambe ndodo, kenako mwendo wopweteka, wabwinowo utsalire kumtunda kuti ndiwo upinde ndi kunyamula thupi. Masitepe aafupi, osadumpha ngakhale kamodzi.

Kenako anaitana mzime. Anamuuza kuti atambasule dzanja kutsogolo, zala zigone chopingasa pakati pa dzuwa ndi pamene phiri la kumadzulo lathera. "Chala chilichonse ndi mphindi ngati 15. Zakwana zingati?" Mwana anatsinzina diso limodzi. Zinayi. "Ola limodzi. Ndiye tisakhalitse."

Anati tisakhalitse, kutanthauza kuti nawonso ali nafe. Munthu amene akanatha kufika pageti kukuwala anasankha kuyenda pa liwiro langa, kumbuyo kwenikweni kwa mzere, ndi ndodo imodzi. Tinayenda chonchi: wachisamba kutsogolo ndi mapu, mzime pambuyo pake, wapakati ndi zikwama ziwiri ndi thuza lake, mayi awo, ine, kenako bambowo. Mzime ankaima pafupipafupi kuyeza dzuwa. Zala zitatu. Ziwiri. Chimodzi ndi theka. Malo atatu aja amene ndinachonga pamapu kuti ndidzamunyamule, tinawadutsa onse akuyenda yekha.

Mdima unatipeza tikulowa m'nkhalango, ndipo m'mitengo umagwa msanga kuposa pamtetete. Tinali ndi matochi awiri, bambowo anali ndi yawo yapamutu. Ola lomalizalo sindikumbukira zambiri kupatula mizu, kuwala kozungulira pansi, ndi mawu a mwana wanga kutsogolo akuchenjeza: "Pali muzu apa. Apa n'poterera. Adadi, sitepe yaitali, yambani ndodo." Ankanena chilichonse, osatopa, mpaka tinaona nyali ya pageti.

Inali 7:25. Mlonda uja anali asanapite. Nthawi yake yoweruka inali itadutsa kalekale, kunyumba kuli mwana wodwala, koma m'buku munali anthu asanu amene analemba 3:30 ndipo sanatuluke. Anati anali atauza kale anzake awiri kuti ikakwana 8 koloko alowe m'phiri kukatifuna. Ndinamugwira dzanja ndi manja awiri, mawu osatuluka bwino.

Bambo achikulirewo anakana kulandira ndodo yawo. Anati ndiigwiritse mpaka mawa, ndikaisiye kwa mlonda, adzaipeza sabata yamawa. Amabwera Loweruka lililonse.

Ana atagona, mayi awo anabwera ndi madzi ozizira m'beseni, ananyika kansalu, anakaika pabondo. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndinakufunsani kawiri." Ndinavomera. Anati chimene chawapweteka si bondo, kapena mdima, koma kuti pakasupe paja anali ndi ufulu wosankhira ana awo njira, ndipo ine ndinawalanda ufuluwo ndi bodza. Ndilibe chowiringula. Ndawapepesa, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyi sinathe usiku uno.

Lamlungu m'mawa, pakhonde pomwe paja

Bondo latupa koma likupindika. Ntchafu ndiye zauma gwa, kutsika masitepe awiri a pakhonde ndachita kugwira mzati. Potsika phiri minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ngati mabuleki, imalimba uku ikukokeka, ndipo kagwiridwe kameneko ndi kamene kamaivulaza kwambiri. Ululu wake umakula pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, choncho mawa kudzakhala koposa lero. Tikafika ndipita kuchipatala akalione bondoli.

Netiweki itagwira ndinayang'ananso kawerengedwe ka Naismith kaja. Kutsika sikuwerengedwamo n'komwe. Munthu wina wodziwa za mapiri, Eric Langmuir, anadzawonjezera pambuyo pake kuti potsetsereka kwambiri, popendekeka kupitirira madigiri 12, uziwonjezera mphindi 10 pa mamita 300 alionse otsika. Imeneyo ndi ya munthu wa maondo abwino. Ife mamita 900 omaliza aja anatitengera maola atatu ndi mphindi 15.

Ndaitana ana onse atatu ndi kuwauza kuti bondo linayamba kupweteka tisanafike pakasupe, ndipo ndinabisa. Ndayang'ana wapakati makamaka. Sananene kanthu, wangoyang'ana chidendene chake. Mzime wafunsa ngati bambo a ndodo aja tidzawaonenso.

Wachisamba wayala mapu patebulo. Anyowa m'makona, apindika pena paliponse, ndipo pafupi ndi nsonga yachitatu pali chidindo cha chala chamatope. Watenga pensulo, akulemba nthawi imene tinafika pamalo alionse, akundifunsa zimene ndinalemba m'kabuku. Pa kamsana kamene tinasocherera waikapo kamtanda. Kenako walondola ndi pensulo njira yothawira ija, yotsikira m'chigwa kuchokera pakasupe, n'kuona kuti ikudutsa pafupi ndi mathithi amene sitinawaone.

"Iyi ndi yosatsetsereka," watero. "Bondo lanu likapola mukhoza kuitha."

Wafunsa ngati angasunge mapuwo. Ndamuuza kuti ndi ake. Tikunyamuka 10 koloko, mayi a ana ndiwo ayendetse, ndipo tiyamba tadzera pageti kukasiya ndodo ndi kufunsa mmene mwana wa mlonda wadzukira.